Boma Likufuna Mabeseni

Nkhani iyi ndinkafuna kuti ndipite nayo kumanda, koma amake Tisa amaifotokozera mkamwini aliyense wofika pakhomo pathu, asanamwe ngakhale tiyi. Ndiye bola ndiinene ndekha, manyazi ake ndiwasenze pamutu panga. Mukafuna kuseka sekani, ine ndinazolowera.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, m'masiku a chipani chimodzi, pamene munthu sunkagulitsa ngakhale tomato pamsika wopanda khadi m'thumba. Ine, Akimu Mwale, ndinkagwira ntchito pa weyahausi ina ku Heavy Industrial Area, kolandira katundu wa zomangira ndi ziwiya za m'nyumba. Sukulu ndinalekera Standard Six kwathu ku Katete, koma Chizungu changa chinakulira pa makatoni. Tsiku lonse ndinkangowerenga: Fragile. This side up. Handle with care. Pofika madzulo ndinkadzimva ngati loya.

Pa section yathu, chigawo chathu cha chipani m'kombonimo, ankandidziwa choncho. Wina akagula mankhwala ankabwera kuti ndimuwerengere pabotolo. Ine ndinkayamba ndatsokomola kaye, kenako n'kuwerenga mokweza kuti a nyumba yoyandikana nawonso amve.

Amene anakhalako ku Kanyama nthawi ya dzinja akudziwa. Pansi ndi mwala wokhawokha, malo ndi athyathyathya, ndiye mvula ikagwa madzi sapita kulikonse. Amangokhala nafe ngati abale ochokera kumudzi amene sananene tsiku lobwerera. Chaka chimenecho ananyanya. Zimbudzi zinasefukira, achule ankalira kunsi kwa bedi, ine ndinkapita kuntchito nsapato zili m'khosi, buluku nditapinda mpaka m'mawondo.

Chairman wa section yathu anali ba Mulenga, Mbemba wamfupi wa mawu ngati ng'oma, amene safari suti sankaivula ngakhale Lamlungu. Munthuyo anali wakhama, zimenezo sindingamumane. Anapondaponda m'maofesi mpaka anatitumizira injiniya woti adzaone vuto lathu.

Msonkhano unachitika Lamlungu masana pabwalo la mpira, malo okhawo amene anali owuma. Injiniyayo anali a Mubita, wa mtundu wa Chilozi, wamtali wa magalasi, atangobwera kumene kuchokera ku maphunziro kunja. Chinyanja chawo chinkathera pa "muli bwanji" ndi "zikomo". Chizungu cha ba Mulenga nacho chinkathera pa "comrades" ndi "discipline".

"Ba Mwale, bwelani kuno kusogolo," anatero ba Mulenga. "Imwe ndimwe muziba chizungu. Muzitiuza vamene bakamba aba."

Ndinayenda pang'onopang'ono kuti aliyense aone. Amake Tisa anali atakhala pakati pa azimayi, ndipo ndinaonetsetsa kuti nawonso aona.

A Mubita anayamba. Koma abale, Chizungu cha pa katoni chimakudikira kuti uchiwerenge, pamene cha munthuyu chinkathamanga ngati wailesi ya kunja. Mawu ankandidutsa pamutu ngati mbalame. Ndinangoima n'kumagwedeza mutu, thukuta likutsika kumsana. Kenako ndinamva liwu limene ndinkalidziwa ngati dzina langa.

"The problem here is the basin," anatero a Mubita. "All the rain collects in the basin, and it has no outlet."

Basin! Mtima unakhala pansi. Kuntchito kwathu makatoni olembedwa basin ndinkawanyamula ndi manja anga. Ena ankakhala ndi mabeseni wamba, amene mayi aliyense amawadziwa. Ena, olemera kwambiri, ankakhala ndi mabeseni oyera onga mbale yadothi, opita ku nyumba za kumayadi, osambiramo m'manja. Amenewo pansi pake pamakhala chibowo, ndi kachotsekera ka labala komangidwa pa tcheni. Mutu wanga unawonkhetsa msangamsanga: mabeseni a kumayadi ali ndi chibowo, ndipo kumayadi sikusefukira. Athu alibe chibowo, ndipo tikusambira ndi achule. Nkhani yatha.

"Bakamba ati vuto ni mabeseni," ndinalengeza. "Manzi yonse ya mvula yankhala mu mabeseni, chifukwa mabeseni yanu yalibe potulukila."

Anthu anayamba kunong'onezana.

Kenako anaimirira bana Chanda, mayi wamkulu thupi amene ankagulitsa vitumbuwa pamsika, wosaopa munthu.

"Ba Mwale, mukamba kuti beseni yanga ya vitumbuwa ndiye yagwesa chimbuzi cha ba Tembo?"

"Discipline," anatero ba Mulenga. "Aba bantu banaphunzila kunja. Nkhalani pansi mayo. Pitilizani ba Mwale."

A Mubita sanamve kalikonse. Anapitiriza mwaulemu: "On Saturday I shall come back to measure the basin, and mark where we must cut the outlet."

"Pa Saturday bazabwela kupima mabeseni yonse," ndinatero ine, "na kulemba pamene tifunika kuboola."

Azimayi anagwira pakamwa. A Mubita ataona nkhope zachisonizo anaganiza kuti anthu amvetsa kukula kwa vutolo. Anagwedeza mutu mwachifundo, n'kunena "zikomo", n'kukwera galimoto. Fumbi kunalibe, anatisiyira matope.

Ba Mulenga anatseka msonkhano ndi lamulo. Loweruka nyumba iliyonse ibweretse beseni pabwalo. Wobisa, malo ake pamsika tidzawaonanso bwino.

Ana a masiku ano sangamvetse kuti beseni linali chiyani nthawi imeneyo. M'mashopu mashelefu anali mbee. Ukaona mzere unkayamba waimapo kaye, n'kufunsa pambuyo kuti kukugulitsidwa chiyani. Beseni labwino m'mashopu a ku Kamwala unkatha kulisaka mpaka nsapato kutha. Ndipo beseni limodzi lomwelo linkasambitsa mwana, kuchapa, kupita kuchigayo, kugulitsa pamsika, usiku n'kukagona pansi pa denga pamene pakudontha. Kuuza mayi kuti aboole beseni lake kunali ngati kumuuza kuti adule mwendo wa mwamuna wake. Mwinanso mwendo akanayamba waganizira.

Sabata imeneyo ndinakhala munthu wamkulu. Ndikaweruka kuntchito ndinkapeza azimayi akundidikira pakhomo.

"Ba Mwale, nanga ya plastic nayo?"

"Nayo."

"Nanga dishi yosukila mbale?"

Ndinayang'ana kumwamba ngati ndikukumbukira lamulo. "Dish ni dish, basin ni basin. Iyo siinakambiwe."

Mayiyo anapita akuthokoza, ndipo mawa lake anatitumizira nsinjiro.

Mbiri inayenda. Mnzanga wina wa kuntchito, wokhala ku komboni ya George, anandifunsa ngati ndi zoona kuti mabeseni azikhala ndi manambala ngati njinga. Ku Chawama ankati boma likuwalanda kuti likapangire ndege. Mkulu wina wokhoma mbaula pafupi ndi msika anasiya mbaula n'kuyamba kudula zotsekera kuchokera ku matayala akale, ndipo anthu ankaima pamzere. Bana Chanda anabereka beseni lawo kumbuyo m'chitenje, n'kulifunditsa shawelo ngati mwana wodwala, ulendo kwa mng'ono wawo ku Matero. Ba Mulenga atamva anangofunsa ngati vitumbuwa azigulitsiranso ku Matero komweko. Beseni linabwerako tsiku lomwelo.

Kunyumba ndiye kunali kovuta. Amake Tisa ndi munthu wofatsa, woyankhula motsitsa, ndipo tikakhala awiri timayankhula Chichewa cha kwathu.

"Atate ake Tisa, munamvadi bwino zimene ananena munthu uja?"

"Amake Tisa, ine Chizungu ndimadyera."

"Sindikukana. Koma madzi a m'beseni langa ndimatunga ndekha kumpopi. Adzaza bwanji msewu wonse?"

"Beseni limodzi ayi. Koma taganizani mabeseni a Kanyama yense."

Ndinawafotokozera za mabeseni a kumayadi, za chibowo, za kachotsekera ka pa tcheni. Ndinati chitukuko chimayamba ndi zinthu zazing'ono. Ndinawafunsa ngati anamvapo kuti kumayadi kwasefukira.

Anandiyang'ana, kenako anati, "Chabwino. Koma langa lisakhudzidwe."

Lawolo linali loyera, la maluwa ofiira, mkombero wake wabuluu. Anawapatsa azakhali awo pa ukwati wathu. Pobwera ku Lusaka kondakitala anafuna kuliika pamwamba pa basi, iwo anakana, n'kulifukata pamiyendo kuchokera ku Katete mpaka kufika, miyendo itachita dzanzi.

Lachisanu madzulo ba Mulenga anandipeza ndikupukuta nsapato. Anakhala pa mpando n'kutsitsa mawu, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita.

"Ba Mwale, bazimai balimba mutu. Pafunika munthu umozi aonese chisanzo. Ine ninafuna kuyamba, koma beseni yathu bakazi banga, bana Mulenga, baikhalila pamwamba kuchokela pa Monday, banyamuka chabe ngati nachoka."

"Ni vovuta," ndinatero.

"Munthu wophunzila akayamba, benangu bazakonka. Elo muziba, pa section tilibe secretary. Tifuna munthu wa chizungu."

Secretary. Ndinadziona nditakhala pa tebulo la kutsogolo, bolopeni ziwiri m'thumba la shati.

Loweruka m'mawa amake Tisa anabereka Tisa, n'kutenga ndowa kupita kumpopi. Mzere wa kumpopi ndinkaudziwa kutalika kwake. Ndinatenga beseni lawo lija, ndinalivundikira pa chipika kuseri kwa nyumba, n'kutulutsa hamala ndi msomali waukulu wokhomera denga.

Kumenya koyamba linalira ngati belu la kutchalitchi. Nkhuku zinabalalika. Utoto woyera unathetheka, duwa limodzi n'kutha pomwepo. Msomali unalowa, koma kabowo kake kanandichititsa manyazi. Munthu wophunzira kunja angadzati chiyani poona outlet yonga diso la nsomba? Ndinamenyanso, n'kupotokola, n'kumenyanso, mpaka chala chachikulu chinkalowa bwinobwino. Ndinaliika m'saka n'kunyamuka osadikira tiyi.

Pabwalo panali pokongola, zimenezo ndivomere. Mabeseni anali mbwee, oyera, obiriwira, a maluwa, a zigamba, onse akunyezimira padzuwa. Azimayi anaima pamizere, aliyense atafukata lake. Ba Mulenga analamula nyimbo zolandirira alendo, ndipo zinaimbidwa ndithu, koma nkhope zinali za pamaliro.

Amake Tisa anafika mochedwa, manja ali lende. Anayang'ana ine, anayang'ana saka limene linali m'khwapa mwanga. Anangokaima kumbuyo.

Galimoto la boma linafika. A Mubita anatsitsa makina awo oyezera a miyendo itatu, ndodo yaitali ya mizeremizere, ndi mapepala okulungiza. Atatembenuka n'kuona khamulo, nkhope yawo inawala.

"Self-help!" anatero. "They have come to carry the soil? Mr Mwale, this is wonderful."

Carry the soil. Kunyamula dothi. Mawu amenewo sanagwirizane ndi kuboola, koma sindinawalabadire. Munthu amene waboola kale sabwerera.

"Sir, we are ready," ndinatero. "Mine is finished already."

Ndinatulutsa beseni m'saka n'kulikweza m'mwamba ndi manja awiri kuti bwalo lonse lione. Dzuwa linadutsa pachibowo n'kukagwa pa shati ya a Mubita. Kumbuyo ndinamva azimayi akuti "mayo ine", ngati aona ngozi ya pamsewu.

"Outlet, sir."

A Mubita analandira beseni. Analitembenuza. Analikweza n'kundisuzumira ndi diso limodzi kudzera pachibowo.

"Mr Mwale, what did you tell these people?"

Ndinawauza zonse, monyadira, kuyambira Lamlungu. Ndinatchulanso za mabeseni a kumayadi kuti aone kuti nkhaniyi ndaimvetsa mozama.

Anavula magalasi. Anawapukuta. Anawavalanso. Kenako anandigwira pamkono n'kupita nane pa boneti, n'kutambasula mapu. Anazunguliza chala: uku nthaka ndi yokwera, uku ndi yokwera, ukunso. Pakati apa ndi potsika, ndipo ndi pamene pali nyumba zathu. Malo otere, okwera m'mbali n'kulowa pakati, pa Chizungu amawatchanso basin. Outlet imene ankanena inali ngalande yoti ikumbidwe kumunsi kuti madzi apeze njira.

Chodabwitsa n'chakuti Chizungu chimene anayankhula pa boneti paja ndinachimva chonse, liwu lililonse, kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga.

"Ati bwanji?" anafunsa ba Mulenga. Bwalo lonse linali tcheru.

Ndinayang'ana mabeseni, ndinayang'ana msewu wopita ku Katete, koma unali kutali.

"Ati," ndinatero, "ati boma yamvela kulila kwa bazimai. Mabeseni yasaboolewe."

Nthungululu zake zinamveka mpaka ku njanji. Azimayi anavina, bana Chanda akuimba beseni lawo ngati ng'oma. Gogo wina anandigwira dzanja n'kulikweza, akuti ndine amene ndawalankhulira kwa akuluakulu. Kwa kamphindi ndinaganiza kuti ndapulumuka, mwinanso u-secretary ukadalipo.

Koma a Mubita anali atakhala pa bampala, nkhope ili m'manja, mapewa akugwedezeka. Misozi inkadontha pansi pa magalasi.

Bana Chanda anasiya kuimba. "Nanga aba balila chani?"

A Mubita anaimirira akupukuta m'maso. Munthuyo sanali wankhanza, anangofuna kuti anthu amve za ngalande yake. Anaika beseni la amake Tisa pansi, natola timiyala n'kutiika m'katimo.

"Nyumba," anatero. "Nyumba. Nyumba."

Anagwira mkombero n'kuloza kutali kumene nthaka imakwera. Kenako anatambasula manja kuzungulira bwalo lonse, nasonkhanitsa Chinyanja chonse chimene anatola sabata imeneyo.

"Kanyama ni beseni. Ise tonse, mukati."

Analoza chibowo changa, n'kuloza kumunsi kwa komboni, n'kuchita ngati akukumba. Pamenepo womasulira sanafunikenso. Ngakhale Tisa kumbuyo kwa amake ndikhulupirira anamva.

Kenako bana Chanda anafunsa, mofatsa kwambiri:

"Manje imwe bantu, mu Kanyama yonse, nindani winangu aboola?"

Anthu anayang'anana. Aliyense anatembenuza lake kuonetsa pansi pake. Onse anali athunthu. M'Kanyama monse, beseni lobooledwa linali limodzi.

Kuseka kunayambira kwa bana Chanda n'kuyenda mzere ndi mzere. Ena anakhala pansi. Mkulu wa zotsekera uja anachoka mwakachetechete, thumba lake lili kumsana.

"Ine ninaziba kuti pali mistake," anatero ba Mulenga, akukonza kolala. "Discipline, comrades."

Za u-secretary sanazitchulenso mpaka tinasamuka.

Koma poti mabeseni anali atabwera kale, ndiponso anthu anali atasangalala, ntchito inayamba tsiku lomwelo. A Mubita anayeza n'kukhoma zikhomo, azibambo anathamangira mapiki, azimayi n'kumatuta dothi akuimba, tsopano nyimbo zenizeni. Ngalande imeneyo tinaikumba Loweruka lililonse mpaka inatha, ndipo inathandiza ndithu. Dzinja lotsatira madzi ankafika m'kakolo, osati m'mawondo, ndipo achule anasamukira ku section ina.

Ine tsiku limenelo piki sanandipatse. Bana Chanda anati munthu aliyense agwire ndi chida chimene wabwera nacho. Anandisenzetsa beseni langa lodzaza matope, ndipo ulendo uliwonse outlet inkagwira ntchito yake, matope akutsikira pamutu, m'khosi, mpaka kumsana. Pofika masana ana a komboni yonse anali atandipatsa dzina. Mpaka lero alipo okalamba ku Kanyama amene Akimu Mwale samudziwa, koma mukati ba Outlet akulozerani mpaka pamene panali nyumba yathu.

Amake Tisa tsiku lonse sanandinene. Anatuta dothi ndi ndowa, anaseka ndi anzawo, masana anandibweretsera ngakhale madzi akumwa, atagwada. Zimenezo ndi zimene zinandiopsa kwambiri.

Dzuwa litapendeka tinabwerera kunyumba, ine ndili ngati chiboliboli chadothi. Ndinakhala pa chipika, mawu opepesa ndikuwakonza m'mutu. Ndinamva akukoleza mbaula, ndinamva akutsuka beseni, ndinamva akupita kubafa kuseri. Kenako anabwera, nagwada monga mwa masiku onse.

"Atate ake Tisa, madzi osamba ndakuikirani. Ndi ofunda bwino."

Mtima unasungunuka. Ndinati mkazi uyu ndi wa kumwamba. Ndinalowa m'bafa lathu la mapesi ndi masaka, ndinavula, ndinatunga kamodzi ndi manja n'kunyowetsa kumutu, n'kupaka sopo mpaka thovu kutseka maso. Nditaweramanso kuti nditunge, zala zinakhudza chitsulo. Ndinapapasa uku ndi uku. Munalibe ngakhale dontho, koma kumapazi kunali kofunda bwino.

"Amake Tisa," ndinaitana, sopo akuluma m'maso. "Madzi aja ali kuti?"

"Ndinathira odzaza," anayankha ali panja, mawu ali phee. "Kapena mwachedwa. Pajatu masiku ano tili ndi chitukuko, madzi sakhalitsanso m'beseni."

Chizungu ukachimva theka, uziyesera pa katundu wako, osati wa mkazi wako.